Mayi wachikuta azisamba bwanji, nanga m'mutu?

Mayi akangochira n'kufika kunyumba, malamulo amamuchulukira, ndipo ambiri mwa malamulowo amakhudza madzi. Agogo amati madzi akhale otentha kwambiri kuti thupi libwerere m'chimake. Apongozi amati m'mutu musakhudze madzi kufikira mchombo wa mwana utagwa. Anamwino potulutsa anangoti "muzikasamba bwinobwino," koma pa wodi panali anthu ambiri moti panalibe nthawi yofotokoza kuti bwinobwino wake ndi uti. Mayiyo amangomvera amene ali pafupi, ndipo amene ali pafupi nthawi zambiri ndi amene wanyamula ndowa.

Mfundo yathu ndi iyi: mayi wachikuta azisamba tsiku lililonse kuyambira tsiku lomwe wachira, ndipo m'mutu angathe kusamba akangopeza mphamvu. Chimene chimavulaza amayi si kusambako ayi, koma madzi otentha mopitirira muyeso, madzi auve, kukhazikika nthawi yaitali m'beseni, kusiya chilonda chili chonyowa, ndi kugwa m'bafa ali yekha.

Kuti zimveke, tiyambe ndi zimene zikuchitika m'thupi. Pamalo pamene nsengwa inamatirira m'chiberekero pamatsala chilonda chachikulu, ndipo khomo la chiberekero silitsekeka tsiku lomwelo. Magazi amene mayi amataya m'masabata otsatira akuchokera pachilonda chimenechi. Masiku 3 kapena 4 oyambirira amakhala ofiira ndi ochuluka, kenako amayamba kutuwa n'kukhala ofiirira, ndipo pofika masiku 10 kapena kuposerapo amakhala achikasu kapena oyererako. Kwa amayi ambiri zimatha pakati pa masabata 4 ndi 6. Nthawi yonseyi njira yolowera tizilombo kuchokera kunja kukafika m'chiberekero ndi yotseguka. Matenda olowa m'chiberekero pambuyo pobereka ali m'gulu la zinthu zimene zimapha amayi kwambiri m'Malawi muno, pamodzi ndi kutaya magazi ndi kuthamanga kwa magazi. Onjezerani apo thukuta, chifukwa sabata zoyambirira thupi limatulutsa madzi amene linasunga nthawi ya pakati ndipo mayi amadzuka usiku zovala zitanyowa, komanso mkaka wodontha pachifuwa. Munthu wotere kumuuza kuti adikire mchombo ugwe, umene ungatenge masiku 5 mpaka 15, n'kumulakwira.

Kusamba koyamba kumachitikira kuchipatala, chifukwa amene wachira bwinobwino amayenera kukhalako maola osachepera 24. Kaya ndi ku Zomba Central, ku Matawale, ku Domasi kapena ku St Luke's ku Malosa, lamulo n'limodzi: mayi asapite ku bafa yekha ulendo woyamba. Wataya magazi, mwina sanadye bwino kwa tsiku lathunthu, ndipo wagona nthawi yaitali. Ayambe wakhala m'mphepete mwa bedi miyendo ili pansi kwa mphindi zingapo, aimirire atagwira gadiyani, akaona kuti maso sakuchita mdima ndiye ayende. Chitseko cha bafa chisakhomedwe. Manyazi apa alibe ntchito, gadiyani aime pakhomo pomwepo.

Tsopano za madzi, pakuti m'pamene pali nkhani yaikulu.

Madzi oyenera ndi ofunda, ofanana ndi kutentha kwa thupi kapena kuposerako pang'ono, madigiri 37 kapena 38. Kunyumba kulibe choyezera, choncho gwiritsani ntchito chigongono kapena mkati mwa dzanja pafupi ndi pamene pamakhala wotchi. Mukaviika n'kutha kusiya momwemo osafuna kuchotsa, ali bwino. Zikhato za agogo si zoyezera, chifukwa zinazolowera kuphula mphika pamoto ndipo madzi amene iwo akuti "angofunda" amatha kusupula khungu la mwana wawo. Kasakanizidwe kake, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene madzi a pampopi ochokera ku damu la Mulunguzi pa phiri la Zomba amachita kuluma m'manja, ndi gawo limodzi la madzi owira pa magawo atatu a ozizira: malita 5 owira pa malita 15 ozizira m'ndowa ya malita 20. M'mwezi wa Okutobala gawo limodzi pa magawo anayi kapena asanu n'lokwana. Yambani kuthira ozizira, otentha pambuyo, n'kuvundula mpaka pansi. Ndowa ya madzi owira okhaokha isalowe m'bafa n'komwe, pakuti m'nyumba ya chikuta mumakhalanso kamwana koyendayenda kamene aliyense wakaiwala chifukwa cha khandalo.

Mwambo wothowa ndi umene tiyenera kuukambirana mosabisa. Amayi aakulu amaviika nsalu m'madzi otentha n'kumadinda nayo pamimba, m'chiuno, kumsana ndi kumaliseche, ati kuti magazi oipa atuluke ndi kuti mimba iphwe. M'mwambowu muli zabwino zimene sitifuna zitayike: mayi amakhala ndi womusamalira tsiku ndi tsiku, wina amamuona thupi lonse ndipo angathe kuzindikira msanga chimene chalakwika, ndipo kufunda kumachepetsa kuphwanya kwa msana ndi m'chiuno. Koma madzi otentha sabweza chiberekero. Chiberekero chimadzifinya chokha, ndipo chimene chimachifulumizitsa ndi kuyamwitsa, n'chifukwa chake mayi amamva cham'mimba chikupota mwana akayamba kuyamwa. Pofika masabata awiri sichimvekanso pogwira pamimba, ndipo pa masabata 6 chimakhala chitabwerera pafupifupi pa msinkhu wake, kuthowa kapena osathowa. Zimene madzi otentha kwambiri amachita n'zina. Amatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi amathamangira kumeneko, mutu umatsala wopanda okwanira, mayi n'kukomoka. Amawonjezera kutupa pamalo osokedwa. Amawotcha khungu la kumaliseche, limene ndi lofewa komanso lotupa kale, ndipo matuza a moto pamalo ponyowa ngati amenewo sachedwa kuchita mafinya. Madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'masekondi ochepa chabe. Mayi akamalira pothowedwa, kumeneko si kuchira koma kupsa.

Ngati banja likufuna kuthowa, kuthowa kwake kukhale kotere: madzi ofunda amene wothowayo angaviikemo chigongono, nsalu yochapa bwino yofinyidwa, kumsana, m'mapewa, m'chiuno ndi m'ntchafu basi. Osakanikiza mimba ndi mphamvu, osafika pamalo osokedwa, ndipo kwa mayi wa opareshoni pamimba pasakhudzidwe. Khungu lozungulira chilonda cha opareshoni limakhala ladzanzi kwa masabata kapena miyezi chifukwa timitsempha ta pakhungu tinadulidwa, ndiye mayi angathe kupsa osamva kanthu, n'kudzaona matuza mawa lake.

Kuyera kwa madzi kukutengera kumene mukukhala. Wa ku Chinamwali, ku Sadzi kapena ku Mpondabwino mu mzinda wa Zomba amene ali ndi mpopi wa Southern Region Water Board angasambe madziwo mmene alili, bola ndowa ndi chikho zikhale zotsuka. Madzi a pamjigo nawonso ndi abwino ngati asungidwa movundikira. Vuto lili pa madzi a pachitsime chosatetezedwa ndi a mumtsinje, monga a mu Likangala kumunsi kwa tauni, makamaka nthawi ya mvula pamene zimbudzi zimasefukira. Amenewa, amene akukasambitsa kumaliseche ndi pachilonda awiritsidwe onse n'kuziziritsidwa, osati kungosakaniza owira ndi osawira, chifukwa osawirawo amabwezeramo tizilombo. Nkhuni zikavuta, wiritsani malita 2 kapena 3 okha a ntchito imeneyi, otsalawo thiranimo WaterGuard kapena klorini wa kwa alangizi a zaumoyo motsatira muyeso wake, n'kudikira mphindi 30. A kufupi ndi nyanja ya Chilwa, cha ku Kachulu ndi midzi yozungulira, ali ndi vuto linanso la likodzo, limene tizilombo take timalowera pakhungu. Madzi a kunyanja kapena a m'dambo awiritsidwe, apo ayi akhale m'chidebe masiku awiri asanasambidwe. Kulowa mumtsinje kapena m'nyanja kukasamba ayi ndithu, kufikira magazi atasiyiratu.

Nthawi yabwino yosambira ndi chakum'mawa dzuwa litakwera kapena masana, osati m'bandakucha, makamaka kukakhala chiperoni kapena kwa okhala m'mphepete mwa phiri kumene mphepo imatsika yozizira. Mwana ayambe wayamwa n'kugona, mayi adye kaphala kapena amweko thobwa, kenako apite. Bafa la udzu lopanda denga silili bwino m'masiku oyamba ngati kuli mphepo, kuli bwino kusambira m'chipinda pa beseni lalikulu. Apa pali ngozi imene anthu saiganizira: kulowetsa mbaula m'chipinda chotseka kuti muzifunda. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umayambitsa mutu, chizungulire ndi kukomoka, ndipo umapha, khanda n'limene limayamba. Mbaula ikhale panja. Ngati m'chipinda mukuzizira, tsekani zenera la kumene kukuchokera mphepo, sambani msanga, zovala zikhale zili pafupi.

M'bafa muikemo kampando kafupi kolimba kapena chigubu chodzadza madzi choti akhalirepo. Pansi pa simenti ya ndere pakwechedwe kuti mayi asaterereke. Kusamba kwake ndi kodzithira ndi chikho kuchokera kumtunda kutsika m'munsi, kuti madzi akuda azipita pansi, ndipo mphindi 10 n'zokwana. Nkhope, khosi, m'khwapa, kunsi kwa mawere, pamimba, miyendo, kumaliseche komalizira. Sopo akhale wamba wopanda fungo lamphamvu. Wochapira zovala waufa ayi. Chinkhupule chimene banja lonse limagwiritsa ntchito chisayandikire chilonda, dzanja losamba bwino ndi lokwanira.

Mawere safuna zambiri. Madzi okha pansonga, sopo ayi. Timatuza tating'ono timene timaoneka pabwalo lakuda lozungulira nsonga timatulutsa mafuta oteteza khungu, ndipo sopo akawachotsa nsonga zimauma n'kuyamba kung'ambika. Palibenso chifukwa chotsuka bere nthawi iliyonse mwana asanayamwe, m'manja ndi mmene muyenera kusamba. Pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu mkaka ukabwera wambiri mawere amalimba ndi kuwawa. Kuwathira madzi ofunda pang'ono mwana atatsala pang'ono kuyamwa kumathandiza mkaka kutsika, ndipo akamaliza nsalu yoviika m'madzi ozizira imachepetsa kutupa. Kuwathowa ndi madzi otentha nthawi yaitali kumangowonjezera kutupako. Kunsi kwa mawere kupukutidwe kuume, chifukwa thukuta ndi mkaka zikakhalitsa pamenepo pamabuka zidzolo zoyabwa.

Kumaliseche kumafuna kutsukidwa kawiri kapena katatu pa tsiku, kuwonjezera pa nthawi iliyonse mayi wachoka kuchimbudzi. Sambani m'manja ndi sopo musanayambe ndi pomaliza. Madzi athiridwe kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo dzanja litsate njira yomweyo, chifukwa tizilombo toopsa kwambiri pachilonda ndi tochokera kotulukira chimbudzi. Kunja kokha. M'kati musalowe chala, nsalu, sopo, mandimu kapena mankhwala azitsamba ati obwezera njira m'chimake. M'kati mumadziyeretsa mokha ndi zimene zikutulukazo, ndipo cholowetsedwa chilichonse chimakankhira tizilombo kufupi ndi khomo limene likadali lotseguka.

Kwa amene anang'ambika kapena kuwonjezeredwa njira n'kusokedwa, chida chothandiza kwambiri ndi botolo la pulasitiki la theka la lita, lotsukidwa bwino, loboola timabowo titatu kapena tinayi pachitsekerero ndi msomali wotentha. Dzazanimo madzi ofunda. Pokodza finyani botolo kuti madzi aziyenda pachilonda nthawi yomweyo, mkodzo usalume. Amayi ena amaopa kukodza chifukwa cha ululu n'kumaumiriza mkodzo kapena kusiya kumwa madzi, zimene zimabweretsa matenda a m'chikhodzodzo, komanso chikhodzodzo chodzadza chimalepheretsa chiberekero kudzifinya bwino. Ulusi wosokera kumeneko ndi wosungunuka wokha, ndipo mukamaona tizidutswa take papadi pakatha sabata imodzi kapena awiri musadabwe, musakokenso.

Azamba ambiri amalangiza madzi amchere. Madzi oyera okha amagwira ntchito, koma ngati mwalangizidwa za mchere, muyeso wake ndi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi yosasefukira pa theka la lita ya madzi owiritsa. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kuthira mchere wodzadza dzanja poganiza kuti ukaluma ndiye kuti ukugwira ntchito. Mchere wochuluka umaumitsa ndi kupweteka minofu yatsopano imene ikufuna kulumikizana. Dettol, spiriti ndi mankhwala ena otsukira m'nyumba asafike pamenepo. Ngati mwauzidwa kukhalira m'beseni, beseni lake likhale la ntchito imeneyi yokha, osati lochapira matewera, madzi akhale ochepa ongofika pachilonda, mphindi 10 basi, ndipo akatayidwe pomwepo. Ife timakonda kuthira ndi botolo kusiyana ndi kukhalira, chifukwa beseni loyera kwenikweni ndi losowa m'nyumba mmene muli khanda.

Kupukuta n'kofunika mofanana ndi kusamba. Kansalu kofewa kapaderadera, kodinda pang'onopang'ono osati kukhula, kenako kugona pabedi mphindi zochepa opanda kabudula wam'kati kuti mphepo ipite. Padi isinthidwe pakatha maola 4 aliwonse ngakhale isanadzadze. Ogwiritsa ntchito nyanda akhale nazo zambiri, azichapa ndi sopo, n'kuziyanika pachingwe padzuwa. Tikudziwa kuti mwambo umati nsalu zotere zisaonedwe ndi anthu, ndipo n'chifukwa chake zimayanikidwa kuseri kwa chitseko kapena kunsi kwa bedi kumene siziuma, zimangochita nguwi. Yanikani padzuwa n'kuphimba ndi chitenje chopyapyala pamwamba, palibe adzadziwe chili kunsi. Zikauma zisitidwe. Kusita kumaphanso mazira a mtundu wina wa ntchentche imene imaikira pa zovala zonyowa n'kubweretsa mphutsi pakhungu, makamaka zovala zoyanikidwa pansi kapena pa udzu nthawi ya dzinja. Matewera ndi zovala za mwana chimodzimodzi.

Mayi wa opareshoni ali ndi zake. Tsiku loyamba amapukutidwa pabedi ndi nsalu yonyowa. Bandeji amachotsa a chipatala, kawirikawiri pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo asanachotse isanyowe. Ikanyowa mwangozi, uzani anamwino asinthe, chifukwa bandeji yonyowa ndi yoipa kuposa kukhala opanda. Ikachotsedwa, madzi oyera kuyenderera pachilonda si vuto. Osakwecha, osapaka sopo mwachindunji, osadzola mafuta, Vaseline kapena paudala. Chovuta chili pa malo amene chilondacho chili, kunsi kwa mimba kumene khungu limapindika n'kuchivundikira. Pamenepo pamasunga madzi ndi thukuta. Mukatha kusamba kwezani mimba ndi dzanja limodzi, dindani ndi kansalu koyera kouma mpaka paume, ndipo yang'anani ndi kagalasi kapena wina akuonereni tsiku lililonse. Chitenje chisamangidwe mothina pamzere wa chilonda, ndipo lamba wa kabudula wam'kati adutse pamwamba pake. Ngati ulusi wake ndi wochotsa, pitani pa tsiku limene analemba m'buku lanu la kuchipatala. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20. Mayi wa opareshoni asanyamule cholemera kuposa mwana wake kwa masabata 6, ndiye kutunga, kuphula ndi kupititsa madzi ku bafa ndi ntchito ya ena. Abambo, apa m'pamene mungathandize popanda kuphwanya mwambo uliwonse.

Tifike kumutu. Chikhulupiriro choti kusamba m'mutu nthawi ya chikuta kumalowetsa mphepo, kumabweretsa mutu wosatha kapena chibayo chilibe umboni. Chibayo chimayamba ndi tizilombo. Chimene chili choona n'chakuti tsitsi lathu likanyowa, makamaka lolukidwa, limatenga nthawi kuuma, ndipo mayi wofooka akakhala ndi mutu wonyowa madzulo a mwezi wa Juni amazizidwa n'kuyamba kunjenjemera. Yankho lake ndi kusankha nthawi ndi kuumitsa bwino. Mayi amene wachira bwinobwino angasambe m'mutu pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ngati sakumva chizungulire. Wa opareshoni adikire kufikira akutha kukhala pampando ndi kuyenda bwino, ndipo achite kusambitsidwa. Pambuyo pake kamodzi pa sabata kapena pa masiku 10 n'kokwana, kupatula m'nyengo yotentha pamene thukuta limachuluka.

Kusamba m'mutu kukhale kwapadera, osaphatikiza ndi kusamba thupi m'masiku oyamba, chifukwa zonse pamodzi zimatalika ndipo mayi amatopa. Njira yozolowereka yowerama pa beseni mutu uli pansi ndi imene imagwetsa anthu: mukaweramuka mwadzidzidzi maso amachita mdima, komanso kuwerama kumakoka chilonda cha pamimba. Mayi akhale pampando atavala, thaulo lili m'mapewa, apendekere mutu chagada, beseni lili kumbuyo pa tebulo kapena pampando wina, wothandiza azithira ndi chikho kuchokera pamphumi. Amene sangathe kukhala agone chagada mopingasa bedi, mutu utatulukira m'mphepete, pulasitiki ili kunsi kwa mapewa yolozetsa madzi m'ndowa. Malita 8 mpaka 10 a madzi ofunda amakwana. Shampu kapena sopo wochepa, wopakidwa pakhungu la mutu ndi nsonga za zala osati zikhadabo, n'kutsukuluza kawiri mpaka madzi atuluke oyera. Sopo wotsalira ndi amene amayambitsa kuyabwa ndi mfundu, anthu n'kumati ndi chifukwa chosamba m'chikuta.

Poumitsa, finyani ndi thaulo kapena chitenje chakale cha thonje, musinthe chikanyowa, kenako khalani pamalo pofika dzuwa koma popanda mphepo. Ngati mwambo wa pakhomopo sulola kutuluka, pazenera kapena pakhonde lakuseri pakwana. Duku livalidwe tsitsi litauma. Kumanga duku pa tsitsi lonyowa n'kugona nalo kumabweretsa fungo, kuyabwa ndi tizilonda m'mutu. N'chifukwa chake m'mutu muzisambidwa isanakwane 12 koloko masana.

Malukidwe amene mayi analowa nawo kuchipatala ali ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi. Ambiri amaluka mesh yaitali yolemera mwezi womaliza kuti asavutike. Mesh yotere ikanyowa imalemera kwambiri, imakoka tsitsi la m'mphepete ndipo imatha kukhala yonyowa m'kati tsiku lonse. Kwa amene sanachire, langizo lathu ndi mizere yochepa ya tsitsi lanu lomwe, yosathina, kapena kumanga ndi ulusi, kapena kumeta lalifupi. Amene ali kale ndi mesh, sungunulani shampu m'madzi m'botolo, thirani m'mizere, sisitani pakhungu, tsukuluzani bwino, ndipo musakhale nayo kupitirira masabata 6 kapena 8. Wigi ingodikira tsiku lopita kusikelo, m'nyumba mutu uzipuma.

Pakatha miyezi iwiri mpaka inayi tsitsi limayamba kuthothoka, ndipo pamenepa m'pamene wina amakumbutsa kuti "tinkanena ife, munasamba m'mutu msanga." Sizikugwirizana. Nthawi ya pakati mahomoni amagwira tsitsi limene likanathothoka kuti lisagwe, n'chifukwa chake amayi oyembekezera amakhala ndi tsitsi lodzadza. Akachira mahomoniwo amatsika, tsitsi lonse lija limagwa nthawi imodzi, makamaka cha m'mbali mwa mphumi. Zimachitikira wosamba ndi wosasamba yemwe, woyamwitsa ndi wosayamwitsa, ndipo kwa ambiri limabwerera mwana asanakwanitse chaka. Chimene chimawononga kotheratu ndi kuluka kothina pa nthawi imeneyi pofuna kubisa, chifukwa kukoka kosalekeza kumapha mizu ya tsitsi la m'mphepete. Mankhwala owongola tsitsi nawonso ndi bwino kuwadikiritsa kufikira kuthothoka kutachepa. Pesani ndi chipeso cha mano otalikirana tsitsi lili lofewa, kuyambira kunsonga. Kuchepa kwa magazi kumawonjezera vutoli, choncho mapiritsi owonjezera magazi amene munapatsidwa amwedwe mpaka athe. Ndipo tsitsi lothothokalo muzilitola, pakuti limodzi lokha likakulunga kachala ka khanda limatha kukatupitsa.

Za mwana tingonena mwachidule. Asasambitsidwe maola 24 oyambirira, kungomupukuta ndi kumufunditsa. Akayamba kusamba madzi akhale akeake, osati otsala kwa mayi, ndipo mchombo ukhale wouma, thewera lipindidwe kunsi kwake. Pamchombo pasapakidwe phulusa, mafuta kapena madzi a masamba, koma mankhwala a chlorhexidine okha ngati a chipatala akupatsani. Mwana wobadwa wochepa thupi amene ali pa kangaroo, njira yosunga khanda pachifuwa khungu ndi khungu imene m'Malawi muno inayambira pa Zomba Central mu 1999, sayenera kusiyidwa pamphasa mayi akamasamba. Agogo, azakhali kapena abambo ake amuike pachifuwa pawo kufikira mayi atabwera, ndipo mayiyo aume ndi kufunda asanamulandire.

Nthawi yosamba ndi imenenso mayi ndi womusamalira amaona zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala. Magazi a chikuta amanunkha ngati a kumwezi. Akayamba fungo lowola, limene silichoka ngakhale mutasamba, ndiye kuti m'kati mwalowa matenda, ndipo kuwonjezera kusamba kapena kuthowa sikungathandize. Padi kudzadza pasanathe ola, magazi oundana akuluakulu, kapena magazi ofiira kubwereranso mochuluka atayamba kale kutuwa. Kutentha thupi ndi kunjenjemera, kumene kuno timafulumira kuti ndi malungo n'kukagula mankhwala pagolosale, pamene mayi wachikuta ayenera kuyezedwa zonse ziwiri. M'mimba kuwawa mowonjezereka tsiku ndi tsiku. Chilonda kufiira, kutupa, kutuluka mafinya kapena kutseguka. Bere limodzi kufiira, kulimba ndi kutentha. Mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa pakatumba, kapena kubanika. Mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope kapena kukomoka, zimene zingakhale BP yokwera ngakhale mwana anabadwa kale. Mutu wotere usanamiziridwe madzi a m'mutu a dzulo. Pa chilichonse mwa izi chikuta chimathyoledwa tsiku lomwelo, mchombo utagwa kapena usanagwe, usiku kapena masana. Ndipo ngakhale zonse zili bwino, masiku okaonedwa amene analembedwa m'buku, m'sabata yoyamba ndi pa masabata 6, asadumphidwe. Pamenepo m'pamene azamba amaona ngati chilonda chapola ndi kukuuzani ngati mungayambe kusamba ndi kugwira ntchito monga kale.